Flasher wrasse m'thanki yaing'ono ya madzi amchere: mafunso ndi mayankho kwa oweta a ku Lilongwe

Amene timaweta nsomba zam'nyanja yamchere muno mu Lilongwe ndife ochepa, ndipo ambiri tinayambira pa mbuna. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza munthu akaona kansomba kofiira kakutambasula zipsepse m'thanki ya mnzake, n'kuyamba kukafuna. Kansombaka si kovuta kwenikweni. Nthawi zambiri chimene chimakapha ndi nyumba imene kalowamo: chivundikiro, magetsi, anansi ake ndi njala.

Flasher wrasse ndi nsomba yanji?

Ndi dzina la tinsomba ta m'gulu limene asayansi amalitchula Paracheilinus, m'banja lalikulu la Labridae. Timapezeka m'nyanja zofunda kuyambira ku Red Sea ndi gombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Indonesia, Philippines ndi zilumba za kumadzulo kwa Pacific. Tambiri timakula masentimita 6 mpaka 9 basi, ngati chala chamkombaphala cha munthu wamkulu. Kwawo timakhala m'magulu pamwamba pa miyala yophwanyika ya makorali, timadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, ndipo tikaona choopsa timathawira pansi pa miyalayo.

Dzinalo linabwera chifukwa cha khalidwe la yamphongo. Ikafuna kukopa yaikazi kapena kuopseza mphongo inzake, imadzutsa zipsepse zonse nthawi imodzi, mitundu ya pathupi n'kuwala mwadzidzidzi, iyo n'kuthamanga ngati muvi. Zimatha m'masekondi ochepa. Amene anaonapo tambala akuzungulira thadzi atagwetsa phiko limodzi akudziwa kale nkhani yake. Pa nsomba za kwathu kuno, yofanana nayo kadyedwe ndi utaka, umene umadyera pakati pa madzi osati kukokota ndere pamiyala ngati mbuna.

Ndili kale ndi thanki ya mbuna. Ndingangothiramo mchere n'kuiikamo?

Ayi. Nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, ndipo thupi la mbuna linapangidwira madzi amenewo. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse. Mbuna zingafe m'madzi oterowo, wrasse nayo ingafe m'madzi a mbuna. Palibe muyeso wapakati woti zonse zikondwe.

Mchere wake sinso uja wa m'khitchini kapena wamibulu wa pamsika. Umafunika mchere wopangidwira mathanki a nsomba zam'nyanja, umene uli ndi calcium, magnesium ndi zina zofunika pa makorali. Umabwera m'matumba kapena m'ndowa kuchokera kunja, ndipo ndi wolemera, choncho mtengo wonyamulira umapweteka. Muziwerengera kuti mcherewu mudzaugula nthawi yonse imene thankiyo ilipo.

Galasi la thanki yakale mukhoza kuligwiritsanso ntchito mutalitsuka bwino ndi madzi ndi viniga, popanda sopo, koma osati ngati munathiramo mankhwala a nsomba okhala ndi kopa (copper). Miyala ya kunyanja kwathu isiyireni mbuna.

Thanki yanga ndi yaing'ono. Malita angati ndiye okwanira?

Kwa yamphongo imodzi ya mitundu ing'onoing'ono, musatsike pa malita 110 mpaka 120, ndipo malita 150 ndiye mtima umakhala m'malo. Koma nambala ya malita payokha imanamiza. Nsombayi imathamanga mopingasa, ndiye chofunika kwambiri ndi utali wa thanki. Thanki yotalika masentimita 90 ndi yabwino kuposa ija yooneka ngati bokosi, ya masentimita 50 mbali zonse, ngakhale madzi ake atakhala ofanana. M'bokosi lalifupi, nsomba ikadzidzimuka imakagunda galasi isanapeze mpata wokhota, ndipo zina zimavulala msana n'kuyamba kusambira mopindika.

Miyala muiunjike kumbuyo kapena pakati, yokhala ndi mapanga ndi ming'alu yambiri, kutsogolo n'kusiya bwalo. Tithanki ta malita 40 kapena 60 timene timaoneka pa YouTube ndi tabwino kwa goby kapena clownfish imodzi, osati kwa iyi.

Kumbukiraninso kulemera. Malita 150 a madzi amchere pamodzi ndi miyala ndi galasi amafika makilogalamu 200. Ngati choikapo chake mukukawotcheretsa kwa amisiri a zitsulo, auzeni apake penti yoletsa dzimbiri kangapo, chifukwa mchere umadya chitsulo msanga kwambiri.

Ndi mtundu uti woyenera munthu woyamba?

Ine ndimalozera anthu ku McCosker's flasher wrasse, Paracheilinus mccoskeri. Ndi yaing'ono, yofatsa, yofiirira ngati lalanje yokhala ndi mizere yabuluu, ndipo yamphongo ili ndi kaulusi kamodzi kotalika pa chipsepse cha pamsana. Asayansi anailemba koyamba mu 1977 itapezeka ku Comoros, kutanthauza kuti ndi ya m'nyanja yomwe ino ya Indian Ocean imene ili kuseri kwa Mozambique.

Carpenter's flasher wrasse, Paracheilinus carpenteri, imafanana nayo kwambiri moti ogulitsa ena amazisokoneza. Kusiyana kosavuta kuona n'kwakuti yamphongo ya Carpenter's ili ndi tiulusi tiwiri mpaka tinayi pamsana. Imachokera cha ku Philippines, ndipo nayo ndi yabwino m'thanki yaing'ono. Yellowfin, Paracheilinus flavianalis, ilinso m'gulu lomweli.

Imene ndingakuletseni ndi ya ku Red Sea ya mizere isanu ndi itatu, Paracheilinus octotaenia. Ndi yokongola zedi, koma imakula kuposa zinzakezi ndipo ndi yandewu. Pamalo ochepa imasanduka mfumu yankhanza.

Idzadya makorali, nkhono kapena shrimp zanga?

Makorali saikhudza, nkhono ndi cleaner shrimp imangozidutsa. Chimene ingatole ndi tizilombo tating'ono kwambiri monga ma copepod, ndipo chifukwa cha ichi imalimbirana chakudya ndi nsomba yotchedwa mandarin ngati muli nayo. M'thanki yaing'ono musaphatikize ziwirizi.

Chivundikiro n'chofunikadi? Madzi anga safika pamwamba penipeni.

N'chofunika kuposa china chilichonse pano. Flasher wrasse imalumpha. Sikuti imadana ndi thanki yanu. Kwawo ikadzidzimuka imathamanga molunjika, ndipo kumtunda kwake kumakhala madzi mamita ambiri. M'nyumba mwanu kumtundako kuli mpweya kenako simenti. Chitseko chomenyetsedwa, getsi loyatsidwa mwadzidzidzi usiku, mwana wogogoda galasi, nsomba inzake yoithamangitsa, chilichonse mwa izi n'chokwanira. Kutsitsa madzi ndi masentimita 5 sikuthandiza.

Yanga yoyamba ndinaipeza m'mawa itauma kuseri kwa kabati. Chivundikiro chinalipo, koma pakona pamene pankadutsa waya wa pampu ndinasiya mpata woti chala chikhoza kulowa. Kuyambira pamenepo mpata uliwonse ndimautseka, ngakhale ndi kasiponji.

Chivundikiro chabwino ndi cha ukonde wapulasitiki woonekera, wa mabowo osapitirira mamilimita 6, womangidwa pa felemu. Umalola kuwala kufika pa makorali, kutentha kumatuluka, ndipo nsomba ikagunda sivulala kwambiri. Galasi limatseka bwino koma limasunga kutentha ndi kuchepetsa mpweya wolowa m'madzi, zomwe mu Okutobala ndi vuto, monga ndafotokozera m'munsimu pa funso la magetsi.

Chonde, musadule neti ya udzudzu n'kuyala pamwamba pa thanki. Maneti amene timagonamo ananyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mankhwala amenewo ndi poizoni woopsa kwa nsomba ndi shrimp. Nthunzi ikamadontha kuchokera pa netiyo kubwerera m'madzi, mutha kutaya thanki yonse. Waya wa sefa wa m'mawindo nayenso ayi, amachita dzimbiri.

Ngati thanki yanu ili ndi kachipinda ka kumbuyo kosefera madzi, katsekeninso pamwamba. Nsombayi imakonda kugweramo.

Thanki ndangoiyambitsa kumene. Ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Thanki yatsopano imafunika masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya osandutsa ammonia (poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba) kukhala nitrite, kenako nitrate, achuluke m'miyala. Musamadalire kalendala yokha, yezani. Ammonia ndi nitrite zikhale pa 0 kwa masiku angapo otsatizana. Ngakhale zitatero, kwa wrasse ndi bwino kudikira miyezi iwiri kapena itatu kuti tizilombo ta m'miyala tiswane, apeze chotola pakati pa chakudya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'miyezi imeneyo nkhono ndi zimene muzikhala mukuonera.

Miyeso yoti muzisunga ndi iyi: mchere pa 1.025 kapena 1.026 poyeza ndi kachipangizo koyezera mchere kotchedwa refractometer, kutentha madigiri 24 mpaka 26, pH 8.1 mpaka 8.4, nitrate yosapitirira 10 kapena 15 ngati muli ndi makorali.

Madzi osungunulira mchere asakhale apampopi kapena apamjigo osasefa. Apampopi ali ndi klorini, apamjigo ali ndi zosungunuka zimene simukuzidziwa, ndipo zonsezi zimabweretsa ndere. Gulani kamakina kosefera ka RO/DI. Madzi akaphwa chifukwa cha nthunzi, mchere umatsalira m'thanki, ndiye powonjezera muzithira osefa opanda mchere. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba, mphepo ya kuno imauma kwambiri ndipo thanki imaphwa tsiku ndi tsiku. Jambulani kamzere pagalasi, muzibwezera madzi pamzerepo m'mawa uliwonse. Sungani chigubu chodzaza, popeza mipopi nayo ili ndi masiku ake ouma.

Nanga magetsi akathima?

Ili ndiye funso lenileni la ku Lilongwe, ndipo liyankhidwe musanatumize ndalama kwa wogulitsa aliyense.

Magetsi akathima, chimene chimayamba kutha si kuwala kapena kutentha, koma mpweya wa m'madzi. Madzi amchere amasunga okosijeni wochepa poyerekeza ndi opanda mchere, ofunda amasunga wochepa poyerekeza ndi ozizira, ndipo Lilongwe ili pamalo okwera mamita opitirira pang'ono 1,000 kuposa pamene pali nyanja yamchere, kumene kumachotsanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a okosijeniyo. Zitatuzi zikakumana masana a Novembala pampu itaima, nsomba yothamangathamanga ngati wrasse imayamba kupuma mwabefu m'maola ochepa.

Choyamba kugula ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire, makamaka kamene kamadziyatsa kokha magetsi akapita. Chachiwiri, pampu imodzi yoyendetsa madzi ilumikizidwe ku inverter kapena ku sola, ndipo ilozetsedwe m'mwamba kuti madzi azigwedezeka pamwamba. Pampu zotere zimadya magetsi ochepa kwambiri, batire limodzi limaziyendetsa nthawi yaitali. Nyali za makorali zikhoza kudikira; makorali sapwetekedwa ndi tsiku limodzi la mdima. Zonse zikakanika, tungani madzi a m'thanki momwemo ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba pa mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Ndi ntchito yotopetsa, koma imapulumutsa. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali musadyetse.

Kutentha kuli ndi nyengo ziwiri zovuta. Mu Juni ndi Julayi, usiku kunja kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo nyumba zathu zambiri sizisunga kutentha. Pamafunika heater ya pafupifupi wati imodzi pa lita iliyonse. Heater ndi imene imamaliza batire msanga, ndiye magetsi akathima usiku wachisanu, kutani thanki ndi bulangete m'mbali, kusiya mpata pamwamba, ndipo mukhoza kuyandamitsamo botolo lotseka bwino la madzi ofunda. Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa madigiri 30. Kafani kopemerera pamwamba pa madzi kamatsitsa madigiri awiri kapena kuposerapo, koma madzi amaphwa msanga. Thanki isayandikire windo la kumadzulo, ndipo m'nyumba yamalata yopanda siling'i, ganizani kawiri.

Chinanso: magetsi akabwera pakati pa usiku, nyali za thanki zisayake zokha mwamphamvu. Nthawi imeneyo ndi imene wrasse zambiri zimalumphira.

Ndingaipeze kuti, ndipo pamafunika zilolezo?

Malawi amatumiza kunja nsomba zokongola za m'nyanja yake, makamaka kuchokera cha ku Salima, koma zam'nyanja yamchere zimachita kubwera pa ndege. Ambiri amaitanitsa kudzera kwa ogulitsa a ku South Africa, ena ku Kenya, ndipo katunduyo amatsikira pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Musanalipire, pitani ku Dipatimenti ya za Nsomba mukafunse za chilolezo cholowetsera nsomba zamoyo, ndipo mudziwiretu za msonkho ku MRA. Mapepala akhale okonzeka nsomba isananyamuke, chifukwa ola lililonse limene bokosi likudikira pabwalo la ndege ndi ola limene mpweya wa m'thumba ukutha.

Flasher wrasse sili pa mndandanda wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, koma makorali olimba ali pamenepo. Ngati mukuitanitsa zonse m'bokosi limodzi, makoraliwo amafunika zikalata zawozawo.

Nzeru yabwino ndi kusonkhana anthu atatu kapena anayi n'kuitanitsa bokosi limodzi. Uzani wogulitsa akutumizireni kavidiyo pa WhatsApp ka nsomba yeniyeniyo ikudya. Yosadya, yopyapyala pamimba, yovulala kukamwa kapena yosambira mutu uli m'mwamba, isiyeni ngakhale atatsitsa mtengo.

Bokosi lafika. Ndichite chiyani tsiku loyamba?

Tsegulani bokosi m'chipinda cha mdima pang'ono. Nsomba yakhala mumdima maola ambiri, ndipo kuwala kwadzidzidzi kumaichititsa kudziwombetsa m'thumba. Yandamitsani thumbalo losatsegula kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti kutentha kufanane.

Mabuku ambiri amati muzidonthezera madzi a m'thanki m'thumba kwa ola limodzi kapena awiri. Malangizo amenewo ndi a munthu amene sitolo ili pafupi ndi kwawo. Nsomba yochokera ku Johannesburg yakhala m'thumba nthawi yaitali, madzi ake adzaza ammonia, koma pH yatsika chifukwa cha mpweya umene yakhala ikupuma, ndipo pH yotsikayo ndi imene ikuchititsa ammonia kukhala wosaopsa kwambiri. Mukangotsegula thumba, pH imakwera, ammonia uja n'kusanduka poizoni. Ndiye musachedwe. Funsiranitu wogulitsa muyeso wa mchere wa madzi ake, amene nthawi zambiri amakhala otsikirapo kuposa a thanki ya makorali, n'kukonzeratu pa muyeso womwewo thanki yobindikiritsira, yapadera imene nsomba yatsopano imayamba yakhalamo yokha. Tsegulani, yezani, ngati zikufanana samutsani nsomba ndi kabakuli kapulasitiki m'malo mwa ukonde, madzi a m'thumba n'kutaya. Mchere muzidzaukweza pang'onopang'ono, 0.001 pa tsiku, mpaka ufanane ndi wa thanki yaikulu.

Ikagona chammbali pansi, mitundu itachita mawangamawanga, musaigwedeze ndi kamtengo. Wrasse zimatero zikatopa. Zimitsani nyali, vundikirani, ipatseni usiku wake.

Kubindikiritsa n'kofunika ngakhale nsomba ikuoneka yathanzi?

Inde, makamaka kuno kumene mankhwala a nsomba sungawapeze tsiku lomwelo. Kathanki ka malita 40 mpaka 60, kopanda mchenga, kokhala ndi heater, sefa yasiponji, zidutswa za mapaipi apulasitiki zobisalamo ndi chivundikiro, n'kokwanira. Nsomba ikhalemo masabata anayi.

Zoyang'anira zilipo zitatu. Timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi pazipsepse ndi matenda a tizilombo totchedwa Cryptocaryon irritans. Kafumbi kosalala pakhungu, nsomba ikupuma mofulumira n'kumaima kutsogolo kwa pampu, ndi Amyloodinium, amene amapha m'masiku ochepa. Kudzikanda pamiyala, kugwedeza mutu ndi maso otuwa kawirikawiri ndi tinyongolotsi ta pakhungu ndi mopumira, ndipo chimbudzi choyera chonga ulusi chingasonyeze nyongolotsi za m'mimba.

Awiri oyambawo amachizidwa ndi kopa, koma wrasse sizipirira kopa wothiridwa nthawi imodzi. Amakwezedwa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, mukuyeza ndi choyezera chake. Kopa asalowe m'thanki ya makorali ngakhale dontho. Amapha makorali, nkhono ndi shrimp, n'kumamatira m'miyala. Tinyongolotsi timachizidwa ndi praziquantel, mankhwala omwe aja a likodzo. Izi zisakupatseni maganizo ophwanya mapiritsi a kuchipatala mongoyerekeza. Gulani wopangidwira nsomba, tsatirani muyeso wolembedwa, ndipo onjezani mpweya m'madzi nthawi yonse ya mankhwala.

Timadontho toyera tikalowa m'thanki yaikulu, njira yotsimikizika ndi kuchotsamo nsomba zonse kwa masiku 76 kuti tizilomboto tife ndi njala. Yerekezani masiku 76 ndi masabata anayi, muone chopepuka.

Ingakhale ndi nsomba ziti, ndipo ndipewe ziti?

Imakhala bwino ndi ocellaris clownfish, firefish, ma goby ang'onoang'ono, ma blenny ofatsa ndi cardinalfish. M'thanki ya malita 120 mpaka 150, nsomba zing'onozing'ono zinayi kapena zisanu zonse pamodzi ndiye malire.

Mdani wake wamkulu ndi sixline wrasse, Pseudocheilinus hexataenia. Ndi kakang'ono, kotsika mtengo, kokongola, ndipo kamazunza flasher mpaka kuilumphitsa kapena kuibisitsa mpaka kufa ndi njala. Ma dottyback, ma damselfish ambiri ndi maroon clownfish nawonso ayi. Ngakhale ocellaris zimene zakhala zaka m'thanki zimateteza dera lawo, makamaka yaikazi.

Ngati n'kotheka, flasher ilowe nsomba zamphamvu zisanalowe. Ngati eni mudzi alimo kale, gwiritsani ntchito kabokosi koonekera ka mabowo, kokoloweka m'kati mwa thanki, kokhala ndi chitseko pamwamba ndi kapaipi kobisalamo. Mlendo akhalemo masiku atatu kapena asanu. Anzake amamuona, amalephera kumuluma, n'kutopa naye. Ngati ina ikungomenyabe kabokosiko pa tsiku lachisanu, yoyenera kuchoka ndi iyo.

Ndigule imodzi, ziwiri kapena gulu?

M'thanki yaing'ono, yamphongo imodzi.

Kwawo mphongo imodzi imakhala ndi zazikazi zingapo, ndipo anthu amafuna kutengera zimenezo. Chovuta n'chakuti nsombazi zimasintha: yaikazi imatha kusanduka yamphongo, ndipo ikasanduka sibwereranso. M'nyanja zimachitika mphongo ikafa kapena gulu likakula. M'thanki zimachitika kawirikawiri ngakhale mphongo ilipo. Mumagula banja, pakatha miyezi muli ndi atambala awiri m'khola limodzi. Mphongo ziwiri za mtundu umodzi pamalo ochepa zimamenyana mpaka ina itafooka. Komanso zazikazi sizitumizidwa kwambiri chifukwa mitundu yawo ndi yozilala, ndipo zina zogulitsidwa ngati zazikazi zimakhala zitayamba kale kusintha.

Amene ali ndi thanki ya malita 250 kapena kuposerapo akhoza kusunga mphongo ziwiri kapena zitatu za mitundu yosiyana, zolowetsedwa nthawi imodzi. Pamenepo ndiye zimaonetsana zipsepse tsiku lonse popanda kuvulazana kwenikweni.

Imadya chiyani, kangati pa tsiku?

Kamimba kake n'kakang'ono ndipo simapuma kusambira, ndiye kudya kamodzi pa tsiku sikuikwanira. Ipatseni pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, chimene ingamalize m'mphindi imodzi. Imakonda tizilombo ta m'madzi monga mysis, brine shrimp ndi ma copepod a mufiriji, ndipo zambiri zimaphunzira kudya timibulu touma ta nsomba zam'nyanja, tosapitirira milimita imodzi. Imagwira chakudya chikuyandama. Chikagwa pansi sichitola kawirikawiri, choncho thirani pamene madzi akuyenda.

Chakudya cha mufiriji kuno chili ndi vuto lake. Chikasungunuka magetsi atathima n'kuumanso, chimaonongeka. Chisungeni pansi penipeni pa firiji, pakati pa mabotolo a madzi oundana, ndipo chikayamba kununkha tayani. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuiphunzitsa timibulu touma ili m'thanki yobindikiritsira. Mazira ouma a brine shrimp amasungika nthawi yaitali ndipo amaswa m'botolo la madzi amchere lokhala ndi mpweya pa tsiku limodzi kapena awiri. Ana ake amadzutsa mudyo wa nsomba imene ikukana kudya. Prawns za m'sitolo zosaphika, zopanda zokometsera, mukhoza kuzipala zili zouma ndi chisanu kuti zikhale tinyenyeswa.

Usipa, matemba, bonya ndi nyenyeswa za nsima ayi.

Yasowa masiku awiri. Yafa?

Yambani mwayang'ana pansi, kuseri kwa kabati ndi m'kachipinda kosefera madzi. Ngati kulibe, ili m'miyala. Yatsopano imatha kubisala masiku awiri kapena atatu. Musaphwasule miyala poifuna, mungoiwonjezera mantha kapena kuiphwanya. Thirani chakudya pang'ono pa nthawi yake, khalani patali, muone.

Usiku flasher sikwiririka mumchenga ngati wrasse za mtundu wa Halichoeres. Imalowa m'mng'alu wa mwala n'kudzikuta ndi kathumba konanda kotuluka m'thupi mwake, kamene akuti kamabisa fungo lake kwa adani. M'mawa mukaona kanthu konga mamina kakuyandama, ndi bulangete lake limenelo, si matenda. Imagona msanga, nthawi zina nyali zisanazime, ndipo pogona mitundu imazilala.

Yanga simatambasula zipsepse ngati za m'mavidiyo, ndipo mitundu yazilala. Chalakwika n'chiyani?

Mwina palibe. Mphongo yokhala yokha ilibe woionetsera, ndiye imachita mwa apo ndi apo, makamaka chakumadzulo nyali zikamachepa mphamvu. Ikani kagalasi koonera nkhope kunja kwa thanki kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mudzaona. Musakasiye pamenepo tsiku lonse, ingatope ndi mdani wosathawa.

Koma ngati kuzilalako kukubwera pamodzi ndi kubisala, kuonda kapena zipsepse zong'ambika, bwererani ku funso la anansi ndi la chakudya. Khalani chete patali kwa theka la ola muone amene akuithamangitsa, chifukwa wankhanza amakhala waulemu mwini thanki akaima pafupi.

Kunyumba timapopera mankhwala a udzudzu. Pali vuto?

Lalikulu. Mankhwala opopera ndi makoilo ofukiza zili m'gulu lomwe lija la mankhwala a m'maneti, ndipo pampu ya mpweya imawakokera m'madzi. M'chipinda cha thanki musapoperemo. Ngati nyumba yonse ikupoperedwa, zimitsani pampu ya mpweya ndi skimmer (kamakina kochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu), kutani thanki ndi pulasitiki, pampu ya m'kati ipitirize kuyenda, ndipo vundukulani pokhapokha mawindo atakhala otsegula kwa nthawi. Uzani onse a m'nyumba, kuphatikizapo amene amakuthandizani ntchito, kuti polishi, mankhwala opukutira magalasi ndi manja odzola mafuta zisayandikire madziwo.

Ndikupita kumudzi sabata imodzi. Ndimusiyire bwanji woyang'anira?

Musamusiyire chitini cha chakudya. Munthu wachifundo amaona nsomba zikumuthamangira n'kuganiza kuti zili ndi njala, ndipo mudzapeza madzi atachita mbuu. Gawiranitu chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala kapena m'kabokosi ka mapiritsi, chotsalacho bisani. Muonetseni kamzere ka madzi ndi chigubu cha madzi opanda mchere, muonetseni poyatsira kapampu ka mabatire, muike mayunitsi okwanira mu mita, ndipo mumuuze kawiri kuti akatha kudyetsa abwezere chivundikiro.

Zingaswane m'thanki?

Ngati muli ndi yamphongo ndi yaikazi, mukhoza kuona chakumadzulo zikuthamangira limodzi m'mwamba n'kumwaza mazira ndi umuna m'madzi, kenako n'kubwerera pansi. Sizifungatira ana m'kamwa ngati chambo kapena mbuna, ndipo sizisamala mazira n'komwe. Mazirawo amayandama, ndipo m'thanki amathera m'sefa, m'kamwa mwa nsomba zina ndi mwa makorali. Ana ake akaswa amakhala aang'ono kwambiri moti amafuna chakudya chamoyo chosaoneka ndi maso, chimene kuchiweta kwake ndi ntchito ya akatswiri. Flasher zimene zimagulitsidwa pafupifupi zonse zimachita kugwidwa m'nyanja. Liwiro la m'mwamba lija limathera pachivundikiro, choncho madzulo oterowo onetsetsani kuti pakona ya mawaya m'potseka.